Makilo Atatu

Adokotala sanazungulire. Anati opaleshoni yochotsa chotupa m'mimba ndi yotheka, koma osati pa thupi limene linali pamaso pawolo. Bambowa awonjezere makilo atatu m'masabata asanu. Akalephera, mpeni suwakhudza, ndipo chotupacho chizingokula mwaufulu. Analemba tsiku lobweranso pakapepala n'kupatsa Chemwali, poti eni ake a mimbayo ankangoyang'ana pawindo ngati nkhaniyo ndi ya munthu wina. Potuluka, adokotala anamuitanira Chemwali pambali n'kumuuza kuti ngakhale opaleshoniyo si chitsimikizo, ena amachira, ena ayi. Ali mu minibasi pobwerera, bambo anafunsa kuti amati chiyani kumbali kuja. Chemwali anayankha kuti akuti muchira bwinobwino, bola mudye.

Chemwali anali mwana wawo woyamba, ndipo dzinali linamukanirira kuyambira ali wamng'ono, moti ndi bambo ake omwe ankamuitana choncho. Ankagwira ntchito m'sitolo yogulitsa mankhwala. Zaka khumi ndi zisanu ali kuseri kwa kauntala zinamuphunzitsa kuti kulibe vuto la m'thupi lopanda botolo kapena chitini chake. Tsiku lomwelo anabwera ndi zitini zitatu za ufa wopatsa mphamvu, mapiritsi a mavitamini, majusi a m'mapaketi ndi mabisiketi, n'kuzindanda pa shelefu imene bambo anakhoma okha m'zaka za ukalipentala wawo. M'mawa uliwonse ankayeza masupuni anayi, kutakasa m'kapu, n'kuima kumutu kwa bedi diso lili pa wotchi. Bambo ankapsontha kamodzi n'kutembenukira kukhoma. Madzulo akaweruka, kapu ija ankaipeza kunsi kwa bedi nyerere zitachitirapo msonkhano.

Sabata itatha anawakweza pasikelo ya kubafa. M'malo mokwera, anali atatsika ndi theka la kilo. Chemwali anapsa mtima, ndipo mantha akavala mkwiyo pakamwa sipasankha mawu. Anawawerengera zonse, tulo timene sakugona, ntchito imene akuchedwako, mpaka kuwafunsa ngati akufuna kufa dala. Bambo anamusiya alavule zonse, kenako anayankha motsitsa mawu.

"Amako anapita kalekale. Iwe ukundikakamiziranji?"

Chemwali anakalirira kukhitchini, mpope atautsekula kuti asamveke.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anaimbira foni mlongo wake wamng'ono, woyendetsa magalimoto a katundu, amene nthawi imeneyo anali kutali moti mawu ankangodukaduka. Mlongoyo anati iye sangabwere msanga, koma mkazi wake ali pa holide, sukulu yatsekera, abwera adzathandize. Chemwali anangoti chabwino, koma nkhope inakwinyika. Mlamu wakeyo anali wophika pa sukulu ya mkaka, wodyetsa tiana makumi anayi tsiku lililonse, ndipo m'banjamo ankamutcha Nkhono. Kuyenda kwake kunali kwa pang'onopang'ono, kuyankhula chimodzimodzi, ndipo banja likakumana n'kumusiyira moto, anthu ankayamba kuyasamula chakudya chisanafike. Amene anayambitsa dzinalo anali Chemwali yemweyo. Mwini wake ankalidziwa, ndipo ankangoseka.

Anafika Lolemba ndi kachikwama ka zovala, mpeni wokulunga m'kansalu, ndi kapoto kakuda kunsi kamene chogwirira chake chinali chomanga ndi waya. Ana ake anali atawasiya kwa mkulu wake. Chemwali anamupatsa pepala lolembedwa bwino, ola lililonse ndi chakudya chake, masupuni angati, mapiritsi ati. Mlamuyo analiwerenga mpaka kumapeto, milomo ikugwedera, n'kuthokoza. Kenako analipinda kanayi n'kuliika kunsi kwa mbale ya shuga, ndipo mpamene linathera holide yonse.

M'mawa mwake anatenga dengu. Chemwali anamufunsa zimene akukagula kuti amulembere.

"Ndikaona komweko, alamu," anatero. "Chimene chaunjikana paliponse, ogulitsa akuchita kukukoka nsalu, ndiye kuti ndi nthawi yake. Chimenecho ndi chimene chili ndi mphamvu."

Inali nyengo yozizira ikupita kumapeto. Anabwera ndi nsawawa za m'makoko obiriwira mulu wonse, mapeyala anayi, manachesi, mbatata zofiira m'kati, karoti wanthete wa masamba ake omwe, anyezi, mazira, mtedza wosasenda ndi mafupa a ng'ombe. Chitofu cha magetsi cha m'khitchini sanachikhudze. Anatulutsa mbaula m'kachipinda kosungira katundu n'kuikhazika pakhonde, kunsi kwenikweni kwa windo la bambo, n'kukankha windolo pang'ono ngati kuti akufuna mpweya uzilowa.

Zimene ankachita masana Chemwali sankaziona, anali kuntchito. Ankangomva madzulo, ndipo poyamba zinkamupsetsa mtima. Akuti tsiku loyamba mlamu analowa kuchipinda ndi masupuni atatu okha a chakudya pa sosala ya tiyi, n'kuika pampando pafupi ndi bedi. Iye anakhala pakasitulu ndi mbale yake n'kumadya, akufotokoza za tebulo la kusukulu limene likugwedera mwendo, misomali yakanika, kodi apongozi angalangize zotani. Bambo anayankha ali chitembenukire kukhoma kuti misomali siichiza tebulo, pafunika kuchotsa mwendowo, kupala guluu wakale ndi kukhomera kamtengo. Anakambirana za guluu mpaka mlamu anamaliza kudya n'kutuluka. Sosala ija inabwerera mmene inapitira.

Chemwali anati izi ndiye zamasewera, masiku akutha. Mlamu anayankha akupukuta kapoto kake kuti mwana wokana kudya sumuyang'ana pakamwa, ndipo mbale yaikulu imamuopsa asanagwire n'supuni yomwe. Anati munthu wodwala ndi chimodzimodzi, kungoti iye uyenera kumupatsa ulemu wake. Tsiku lachiwiri pasosala panachoka supuni imodzi. Tsiku lachitatu inabwera yoyera, ndipo mlamu sanaimbe nthungululu, sanawonjezerenso. Anangodikira maola awiri n'kulowa ndi ina.

Loweruka Chemwali sanapite kuntchito, ndipo anakhala pakhonde ndi cholinga chogwira zolakwika. Sanazipeze. Anaona mlamu wake akusenda nsawawa, chala chachikulu chikungotsetsereka m'khoko, timibulu tikugwera m'beseni lachitsulo ndi kaphokoso kamene kankalowa pawindo paja. Makoko sanataye. Anawatsuka n'kuwaponya mumphika wa mafupa pamodzi ndi masamba a karoti ndi zikamba za anyezi, mphikawo n'kumabwata pang'onopang'ono m'mphepete mwa moto kuyambira m'mawa. Anyezi ankamukazinga pa moto wofooka mpaka afewe osapsa, ndipo fungo lake linadzaza khonde lonse mpaka Chemwali anazindikira kuti akumeza malovu. Nsawawazo zinalowa komalizira, ndi kamsuzi ka mafupa kaja pang'ono, osavundikira kuti zisataye mtundu. Sizinakhalitse pamoto. Mchere anathira kumapeto, atalawa kaye padzanja. Kenako anaphwanya mbatata yowotcha ndi foloko, kuikapo kabatala, n'kutsanulira nsawawa pamwamba pake.

Anamupatsako Chemwali pang'ono. Chemwali anali atadya nsawawa moyo wake wonse, koma sankadziwa kuti ndi zotsekemera. Anamaliza, n'kuyang'ana m'kapoto ngati mwatsala.

Tsiku limenelo anawerenga maulendo a sosala, anakwana asanu ndi umodzi. Peyala lophwanya ndi madontho a ndimu. Dzira lofewa. Nthochi yakupsa ndi mtedza umene mlamu anakazinga n'kusinja yekha. Kapu yaing'ono ya msuzi. Mkaka wotentha wothira uchi. Nachesi wosenda kale, atachotsa ndi njere zomwe. Palibe chimene chinali chachilendo, zonse zinali za pamsika pomwepa, koma chilichonse chinkafika pa nthawi imene mimba ya mdala yaiwala kuti inadya. Apa mpamene Chemwali anaona kuti kuchedwa kumene ankakuseka kuja sikunali ulesi. Mkaziyu sankachita chinthu kawiri, sankathamangira mpeni umene waiwala, sankapsereza. Kuthamanga sikufika, ndipo Chemwali anachita manyazi ndi dzina lija moti kuchokera tsiku limenelo silinatulukenso pakamwa pake.

Sabata yachitatu, bambo anayankhula pawindo kuti beseni limenelo likusokosa, ndipo ngati anthu alibe manja osendera msanga anene. Mlamu anapepesa kuti zala zake ndi zazifupi. Patapita kanthawi chitseko chinatsekuka, mdala anatuluka atagwira khoma, n'kukhala pampando wa pakhonde umene anaupanga yekha kale. Mlamu anawaikira beseni pamiyendo. Kuyambira pamenepo ntchito yosenda inali ya bambo, ndipo ankainyadira ngati kupala thabwa. Nsawawa ndiye zinakhala chakudya chawo chapamtima. Akadzuka, funso loyamba linali loti kodi lero zilipo. Pofika pakati pa sabata yachinayi, sikelo ya kubafa inaonetsa kuti apitirira ndi makilo awiri pa mulingo wa kuchipatala uja. Kilo imodzi yokha ndiyo inatsala.

Koma kunja kunali kutayamba kutentha. Milu ya nsawawa pamsika inayamba kuchepa, makoko kuchita chikasu, mibulu kuuma. Lachisanu mlamu anabwera ndi dengu lopanda nsawawa, n'kunena kuti zatha, zimene zatsalazo ndi za mbewu. Madzulo omwewo ananyamuka kukaona ana ake, kuti abwera Lolemba. Anasiya msuzi mufiliji, mazira, mbatata, ndi malangizo ochepa.

Chemwali anagwidwa ndi mantha. Kilo imodzi, masiku khumi, ndipo chinthu chimene bambo ankadzukira kulibe. Loweruka m'mawa anapita kusitolo yaikulu n'kugula zitini zinayi za nsawawa. Anatsekula chimodzi kukhitchini atatseka chitseko, anazitsuka kawiri, anakazinga anyezi pa mbaula mmene anaonera, anathira kamsuzi, anaphwanya mbatata. Chitinicho anachikwirira pansi pa zinyalala. Kunena zoona anayesetsa, ndipo pasosala zinkaoneka ngati zomwe zija, kungoti mtundu unali wofwifwa.

Bambo anayang'ana sosalayo nthawi yaitali. Anadina kambulu kamodzi ndi supuni, kanaphwanyika ngati dothi lonyowa.

"Izi zachokera kuti?"

"Kumsika, bambo. Ndapeza zotsalira."

"Wasenda ndani?"

"Ndasenda ndine, musanadzuke."

Bambo anaika supuni pansi bwinobwino. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Ndasenda nsawawa masabata awiri ndi zala zangazi, Chemwali. M'khoko limodzi mumakhala zazikulu ndi zazing'ono. Izi zonse n'zofanana ngati mabatani. Tsono ngati ukundinamiza pa nsawawa, za adokotala zija unandiuza zoona?"

Bambo anagona n'kutembenukira kukhoma, ndipo tsiku limenelo sanadye kanthu. Lamlungu anamwa madzi okha. Mpando wa pakhonde unakhala wopanda munthu.

Lolemba Chemwali anapempha tchuthi kuntchito n'kukadikirira mlamu wake pageti. Anamuona akubwera chapatali, dengu lili pamutu, akuyenda mayendedwe ake omwe aja ngati dziko silikupsa. Anamuuza zonse asanatule n'komwe, misozi ikutsika, akudzitukwana yekha kuti ndi chitsiru chophunzira. Ankayembekeza kuti mlamu abweza zonse za zaka zija, ndipo akanabweza sakanalakwa. Koma iye anangotula dengu n'kunena kuti chitini si poizoni, naye kusukulu amatsekula zikavuta. Anati vuto silinali m'chitinimo. Kenako anasamba m'manja, anatenga beseni lachitsulo lija, anathiramo zimene anabwera nazo, n'kugogoda pachitseko cha apongozi ake. Chemwali anaima panja, khutu lili pachitseko.

"Bambo, nsawawa zatha," anatero mlamu. "Ndayenda msika wonse. Sizibweranso mpaka chaka chamawa."



"Chaka chamawa," anatero bambo. "Ine ndidzakhalapo chaka chamawa?"

"Sindikudziwa, bambo. Ine sindine dokotala. Chimene ndikudziwa n'choti mbatatesi zatsopano zafika lero, zoyamba kukumba. Khungu lake silifuna mpeni, limangochoka ndi chala. Zimenezi sizikhalitsa, masabata atatu basi, kenako khungu limakhwima. Zikamatha, mapichesi akhala akulowa."

Chemwali sanathe kupirira. Anakankha chitseko, anagwada pafupi ndi bedi, n'kunena zimene adokotala anamuuza kumbali kuja, mawu ndi mawu, osachotsera. Anati ena amachira, ena ayi. Anati anabisa chifukwa ankaopa kuti ataya mtima, ndipo iye sanakonzeke kukhala wopanda bambo. Anapepesanso za nsawawa.

Bambo anadzuka n'kukhala tsonga. Anayang'ana mwana wawo, anayang'ana beseni. Timbatatesi tinali tating'ono ngati mazira, dothi likadali lonyowa. Anatola kamodzi n'kukapekesa ndi chala chachikulu, khungu linasendeka lopyapyala, m'kati munali moyera mowala madzi. Anapekesa kena. Anati zimenezi akanauzidwa kale bwenzi atadziwa chimene akumenyana nacho, m'malo momangomwetsedwa ufa wonunkhira ngati sopo. Kenako anauza Chemwali kuti adzuke pansipo, akukulitsa nkhani, akatenge madzi otsukira.

Masana amenewo mlamu anaziphika m'madzi a mchere pang'ono, n'kuzigubuduza mu batala ndi masamba a anyezi odula. Pambali anawotcha matimati pa makala mpaka khungu linang'ambika, n'kuwaphwanya ndi adyo. Bambo anadya pakhonde, sosala ziwiri. Chemwali atadandaula kuti masiku awiri aja atayika, mlamu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, tiyeni tidyetse masiku amene atsalawa. Ndipo anawadyetsadi. Nyemba zaziwisi zitayamba kuoneka anazibweretsa, papaya atapsa kwa oyandikana nawo anakapempha, maulendo a sosala anafika asanu ndi awiri. Sikelo ya kubafa ankaizemba onse, palibe amene ankafuna kuifunsa.

Tsiku lija linafika. Kunja kunali kotentha, koma Chemwali anatulutsa jekete lalikulu la bambo la nthawi yozizira, ndi nsapato zawo zantchito za zitsulo kutsogolo. Anati kuchipatala kumakhala mphepo. Powaveka, analowetsa m'thumba mtolo wa makiyi a nyumba yonse, ndi loko yemwe. Mlamu anaona, n'kuyang'ana kumbali. Munthu sasintha tsiku limodzi, ndipo chikondi chikasowa chogwira chimaba ndithu. Bambo anayenda nalo jeketelo njira yonse, thukuta likutsika m'khosi.

Namwino atawaitanira pasikelo, bambo anaima kaye. Anavula jekete n'kulipinda. Anawerama movutikira n'kumasula nsapato, imodzi imodzi. Anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa makiyi aja n'kuwaika m'dzanja la Chemwali, n'kulifumbatitsa ndi dzanja lawo. Kenako anakwera, ali ndi shati ndi masokosi.

Namwino anawerenga, anayang'ana m'buku, anawerenganso. Makilo awiri ndi theka. Theka la kilo linaperewera.

Chemwali anakhala pansi pabenchi. Ankadziwa kumene theka limenelo linapita. Linali m'chitini pansi pa zinyalala. M'chipinda cha adokotala sanathe kukweza maso. Anamva mapepala akutembenuzidwa, anamva adokotala akunena kuti kusintha kulipo ndithu, magazi akwera, koma mulingo sunakwane, ndipo sangaike munthu pangozi. Anayamba kufotokoza za mankhwala ochepetsa ululu amene munthu angamamwe ali kunyumba.

"Adokotala," anatero bambo.

Chemwali anadzutsa mutu. Masabata asanu apitawo, m'chipinda chomwechi, bambo sanatsekule pakamwa.

"Sabata yoyamba musaiwerenge, sindinali pantchito. Masiku ena awiri ndinanyanyala ndekha. Tsono ndipatseni masabata awiri, theka limenelo ndikubweretserani. Kunyumba kuli mpongozi wanga, amadziwa zimene akuchita. Lembani tsiku."

Adokotala anawayang'ana pamwamba pa magalasi, n'kufunsa ngati akudziwa kuti opaleshoniyo ingathe kuyenda bwino kapena ayi. Bambo anati akudziwa, mwana wawo anawauza zonse. Adokotala anatenga cholembera, analemba tsiku pakapepala, n'kulozetsa kwa Chemwali monga kale. Bambo anatambasula dzanja n'kukalandira okha, anakapinda, anakaika m'thumba la shati.

Panja dzuwa linali litakwera. Chemwali ananyamula jekete lija pamkono, akuyenda pambuyo pa bambo ake, akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Atafika pamalo odikirira minibasi, bambo anayang'ana msewu kumtunda ndi kumunsi, n'kudandaula kuti magalimoto a masiku ano safika pa nthawi.

"Taimbira mlamu wako," anatero. "Umuuze ayatse moto. Ndili ndi njala."